Kosi Imodzi, Ana Anga, Ndipo Muimalize

Mwana wa mlongo wanga anabwera kwathu Loweruka lina masana nkhope itagwa. Ndi bambo wa zaka 36, wa ana atatu, ndipo anali atagwira ntchito yosunga katundu m'sitolo ina yaikulu kwa zaka 11. Eni sitoloyo anabweretsa makina owerengera katundu pa kompyuta, ndipo mwa anthu asanu amene ankalemba m'mabuku munatsala awiri. Iye sanali mmodzi mwa awiriwo. Titasamba m'manja pambuyo pa nsima, anatulutsa foni kuti andionetse kuti sanangokhala manja lende. "Amalume, onani, ndikuphunziratu ine." Ndinavala magalasi n'kuyamba kuwerenga. Anali atalembetsa makosi 7: ya malonda a pa intaneti, yolemba mapulogalamu a kompyuta, ya utsogoleri, ya Chifalansa, ndi ena atatu amene mayina ake anandivuta kutchula. Ndinamufunsa kuti wamaliza angati. Anayang'ana pansi, n'kuyamba kutokosa dothi ndi chala chakuphazi.

Sindinamukalipire, chifukwa mtima wake ndinaumva. Munthu ntchito ikamuthera amakhala ngati nkhuku yothawa mvula, imalowa pakhonde lililonse limene yaliona. Kulembetsa kosi kumatonthoza mtima kwa tsiku limodzi, umagona ukudziuza kuti lero ndachitapo kanthu. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zimene ndinamuuza tsiku limenelo, ndi zina zimene ndakhala ndikuzisinkhasinkha kuchokera pamenepo, ndikufuna ndikuuzeni inunso ana anga amene muli ndi mabanja kale, amene ntchito ikukusinthirani m'manja, ndipo mwauzidwa kuti sukulu yonse ili m'thumba mwanu.

Musaganize kuti kusintha kwa ntchito ndi tsoka la m'badwo wanu wokha. Ndili mnyamata, midzi yathu inkadalira Wenela. Amuna ankapita ku migodi ya ku Joni n'kubwera ndi njinga, wailesi ndi ndalama za malata. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi, ndipo a Kamuzu anaimitsa ulendowo. Amuna miyandamiyanda anabwera kumudzi atanyamula luso lokumba pansi pa nthaka, luso limene kuno linalibe msika. Theba, bungwe lina lolemba anthu a ku migodi, inadzatsegulako khomo pang'ono, nalonso n'kutsekeka mu 1988. Ineyo ndi maso angawa ndinaona makina otayipira akutulutsidwa m'maofesi, amayi amene ankatayipa osayang'ana zala akuuzidwa kuti aphunzire kompyuta kapena apite kwawo. Inu mukukumbukira timalo toimbira foni tolipira pa mphindi, tija tinali pangodya iliyonse m'tauni. Foni za m'manja zinatimeza tonse. Airtel Money itayamba mu 2012, Mpamba n'kubwera chaka chotsatira, kutumiza ndalama pa positi kunazilala, ndipo pansi pa maambulera m'misika munabadwa ntchito ya maejenti imene kale kunalibe. Ntchito zimafa, zina zimabadwa. Chimene chimapweteka n'chakuti yobadwayo kawirikawiri imafuna luso lina, pomwe mwini nyumba akufuna lendi yake mwezi womwewu.

Nanenso sekondale ndinaiphunzira kutali ndi mphunzitsi. Boma linatsegula Malawi Correspondence College mu 1965, sukulu ya pa positi imene inadzatchedwa MCDE. Maphunziro ankabwera mu envelopu, timabuku tosindikiza timene tinkati maseti. Umawerenga, kuyankha mafunso a kumapeto, kuponya ku positi, n'kudikira milungu kuti pepala lako libwere litachongedwa ndi inki yofiira. Maphunziro ena tinkamvera pa wailesi ya MBC. Ndinali mesenjala pa ofesi ina, wokwatira kale, mwana woyamba ali kumsana kwa mayi ake. Chaka choyamba ndinkawerenga ndekha pa koloboyi, ndipo chaka chisanathe maseti anali ataunjikana m'sutikesi, ena osatsegula n'komwe. Palibe anandiletsa kuphunzira, palibenso anandifunsa chifukwa chimene ndasiyira. Chaka chachiwiri mnzanga wina anandikokera ku senta imene inkakumana madzulo m'kalasi ya sukulu ya pulaimale, kumene kunali mphunzitsi woyang'anira ndi anzathu ena ofanana nafe. Maseti anali omwe aja, mutu wanga unali womwe uja, koma mayeso ndinakhoza. Ambiri mwa masenta amenewo ndi amene anasanduka masekondale a CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

N'chifukwa chake foni yanuyo ine ndimaiona ngati mtengamakalata. Ndi mtengamakalata wachangu kwambiri, wobweretsa m'kuphethira kwa diso zimene ife tinkadikira milungu, ndipo amabweretsa mawu ndi zithunzi zoyenda pamodzi. Koma ntchito yake imathera pakhomo. Kutsegula envelopu, kukhala pansi, kulakwitsa, kubwereza, zimenezo zikadali zanu monga zinalili zathu. Akatswiri awiri, Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente, anasanthula kaundula wa makosi a pa intaneti a mayunivesite a Harvard ndi MIT operekedwa pa edX, n'kulengeza zimene anapeza mu 2019. M'chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018, mwa anthu 100 aliwonse amene analowa makosiwo, pafupifupi atatu okha ndi amene anamaliza. Mwa amene analipira kuti adzalandire satifiketi, omaliza anali pafupifupi theka. Musamve ngati ndikuti ndalama ndiye mankhwala. Amene analipirawo anali atatsimikiza kale mumtima chimene akufuna, ndipo anali ndi choti ataye akasiya. Ophunzira ambiri a makosiwo anali a m'mayiko olemera, kumene magetsi sathimathima. Choncho ngati mwana wa mlongo wanga analephera kumaliza, si kuti ndi mbuli kapena waulesi. Njirayo imagwetsa pafupifupi aliyense woiyenda yekha ndiponso wopanda kumene akupita.

Funso loyamba limene ndinamufunsa linali lakuti: ndani pafupi pano amene angakupatse ndalama Lachisanu likubwerali utamuchitira kanthu, ndipo kanthu kakeko n'chiyani? Anayamba kunena za makampani a kunja olemba anthu pa intaneti. Ndinamudula mawu. Ndinati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tinayamba kuwerenga masitolo a zipangizo zomangira nyumba a m'dera lake, magolosale, zigayo, magulu a banki m'khonde a akazi ake. Ambiri mwa amenewa katundu amamusunga m'mutu kapena m'kope long'ambika, sadziwa kuti simenti yatuluka matumba angati, ngongole zili kwa yani, phindu lenileni ndi zingati. Iye ntchito imeneyo anaigwira zaka 11. Amadziwa mmene katundu amasowera pakati pa lole ndi shelefu, amadziwa chinyengo cha malisiti. Chimene chinamuchotsetsa ntchito n'chakuti zonsezi ankazidziwa pa pepala pokha. Ndiye kosi yake yoyenera inali imodzi basi: kuphunzira Excel kapena Google Sheets mpaka kufika polemba kaundula wa katundu wodziwerengera yekha. Imeneyo pa makosi 7 aja panalibe, chifukwa inkaoneka yonyozeka.

Apa ndi pamene wamkulu amaposera mwana wa sukulu, ndipo ambiri mwa inu simudziwa chuma chimene muli nacho. Mwana amaphunzira poyembekezera kuti zidzamuthandiza tsiku lina. Inu muli kale ndi zaka za ntchito m'manja, ndipo chatsopano chimagwira msanga chikamezanitsidwa pa tsinde lakale, monga timachitira ndi mango. Pali makaniko wina amene amandikonzera galimoto, bambo wa imvi zake. Anaphunzira pa injini zakale zimene unkamvetsera ndi khutu n'kudziwa pamene pavuta. Kenaka misewu inadzaza ndi galimoto zochokera ku Japan, zoyendetsedwa ndi kompyuta, zina zogwiritsa ntchito mafuta ndi batire lalikulu pamodzi, ndipo makasitomala anayamba kumudutsa. Sanalembetse digiri ya uinjiniya. Anasonkherana ndi anzake awiri n'kugula kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, kamene kamaonetsa nambala ya vuto pa foni. Galimoto ikabwera ndi nyali yoyaka padashibodi, amawerenga nambalayo, madzulo n'kukafufuza pa YouTube tanthauzo lake, m'mawa n'kudzayesa ndi sipanala pa galimoto yeniyeniyo. Phunziro lililonse linkabwera litakwera galimoto ya kasitomala. Patatha chaka, anyamata a masatifiketi ankabwera kudzamufunsa iye, chifukwa nambala imangonena dera limene kuli vuto, koma kudziwa kuti ndi waya wodyedwa ndi khoswe kumafuna munthu amene wakhala pansi pa galimoto zaka zambiri.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu mumaidziwa. Anasiya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo mu laibulale yaing'ono anapezamo buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, moti ankadalira kwambiri zithunzi za m'bukumo. Anthu amakonda kutama nzeru zake, ndipo n'zoona anali nazo. Koma ine chimandigwira mtima n'chakuti anapita ku bukulo ali ndi funso lake kale, la mdima wa m'nyumba mwawo, ndipo akatseka buku ankapita kudzala kukatola zitsulo, n'kuziphatikiza ndi mapaipi ndi njinga yakale ya bambo ake kuti apange makina opangira magetsi ndi mphepo. Kuwerenga ndi kupanga zinkayendera limodzi.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene mavidiyo amanamiza anthu. Ukamaonera katswiri akuchita chinthu, zonse zimaoneka zosavuta, mutu umagwedezeka wokha, ndipo umadzuka ukukhulupirira kuti wadziwa. Sunadziwe, waonerera. Tonsefe tinakula tikuona amayi athu akupeta ndi lichero tsiku ndi tsiku, koma mwamuna amene sanaligwirepo mupatseni lichero muone mmene mphale ndi madeya zitayikire limodzi. Choncho vidiyo ya mphindi khumi iziyenda ndi ola lathunthu la manja. Imitsani, yesani, lakwitsani, bwererani. Gulani kope la masamba ambiri, ndipo mukamaliza phunziro ikani foni chafufumimba, mulembe m'mawu anuanu zimene mwatolapo. Zimene zakana kutuluka m'mutu ndi zimene simunazigwire, bwererani pomwepo. Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti chimene munthu waphunzira chimayamba kuthawa mofulumira m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kubwereza motalikitsa masiku kumachisunga bwino kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Mlimi aliyense amazidziwa izi: mvula yamvumbi ya masiku atatu imalowa pansi, ya mkuntho ya ola limodzi imakokolola nthaka n'kupita ku mtsinje. Mphindi 40 tsiku lililonse zimaposa Lamulungu lathunthu kamodzi pamwezi.

Koma chachikulu pa zonse, chimene chinandipulumutsa ine ku sutikesi ija, ndi anthu. Mutu umodzi susenza denga. Pezani anzanu awiri kapena atatu amene akuphunzira chinthu chomwecho, mupangane tsiku ndi malo: m'kalasi ya pulaimale ikaweruka, pakhonde la tchalitchi kapena mzikiti, pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Gulu la pa WhatsApp limathandiza, koma lisakhale la anthu 200 otumizirana mauthenga a m'mawa wabwino ndi zithunzi za maluwa. Likhale laling'ono moti mmodzi akasowa, enawo adziwe ndipo amuimbire. Amayi a banki m'khonde anazindikira kale chinsinsi chimenechi. Mayi amene yekha sangasunge K2,000 mlungu wathunthu, amaipeza ndithu tsiku losonkha likafika, chifukwa pali maso amene akumuyembekezera. Maphunziro amafuna maso omwewo. Mlungu uno wina afotokoze phunziro, enawo amufunse mafunso. Mlungu wamawa wina. Wofotokozayo ndi amene amapindula kwambiri, chifukwa pakamwa pamaulula zimene mutu sunamvetse. Nelson Mandela anamaliza digiri yake ya zamalamulo ndi yunivesite ya UNISA mu 1989 ali m'ndende, pophunzira patali. Ndipo pa chilumba cha Robben akaidi ankaphunzitsana okhaokha, wodziwa mbiri yakale kuphunzitsa mbiri, wodziwa masamu kuphunzitsa masamu, ngakhale pa malo oswera miyala. Ngati anthu otsekeredwa anatha kupezana, inu amene mumakumana pa chigayo ndi pa bawo tsiku lililonse mungalephere bwanji?

Pamwamba pa anzanu, mufunika munthu wochonga. Inki yofiira ija inkapweteka, koma ndi imene inkationetsa pamene taterereka. Makosi ambiri aulere alibe mphunzitsi wamoyo, amangokupatsani mafunso osankha yankho, amene munthu angakhoze mongolota. Ndiye wochonga mudzipezere nokha. Ngati mukuphunzira kulumikiza magetsi a sola, pitani kwa munthu amene wakhala akulumikiza, mumunyamulire makwerero ngakhale osalandira kanthu, aone mmene mwamangira mawaya. Ngati ndi kusunga mabuku a ndalama, pemphani wina wodziwa aone kaundula wanu. Kasitomala nayenso ndi wochonga, ndipo sanyengerera. Posankha kosi yolipira, funsani musanatulutse ndalama: kodi ntchito yanga adzaiona munthu, ndipo adzandiyankha pakapita masiku angati? Akazemba funso limenelo, sungani ndalama zanu. Masiku ano kwabwera mapulogalamu ocheza nawo ngati munthu, monga ChatGPT imene inatuluka kumapeto kwa 2022. Ndaona adzukulu anga akuigwiritsa ntchito, ndipo pofotokoza mawu ovuta kapena kukufunsa mafunso oyeserera imathandizadi. Koma nthawi zina imanena zabodza mosaphethira, choncho zimene yanena muziziyesa. Ndipo kuituma kuti ikulembereni ntchito ya kosi kuli ngati kutuma mnzanu kuti akakudyereni nsima: mbale ibwera yoyera, njala ili pomwepo.

Manyazi ndawaona akugwetsa amuna ndi amayi anzeru kuposa mmene umphawi unawagwetsera. Bambo amene kunyumba mawu ake ndi lamulo safuna kuti mwana wake wa Fomu 2 amuone akulephera kutsegula imelo. Safunsa anadya phula, ana anga. Muitaneni mwanayo, akhale pambali panu, akuonetseni kawiri katatu, ndipo foniyo ikhale m'manja mwanu, osati mwake. Ulemu wanu suchepa. Mwanayo akuona bambo ake akulimbana ndi chovuta osathawa, ndipo phunziro limenelo sadzalipeza m'kalasi. Agogo athu ankakhala pansi m'sukulu za kwacha kuphunzira a, e, i, o, u tsitsi litayera kale, kuti azitha kuwerenga okha makalata ochokera ku Joni ndi ku Halale. Za Chingerezi nazo musazione ngati phiri. Ambiri mwa maphunzirowa ali m'Chingerezi, cholankhulidwa mothamanga ndi anthu a ku America kapena ku India. Pa YouTube pali pochepetsera liwiro la mawu ndi poyatsira mawu olembedwa m'munsi. Gwiritsani ntchito zonse ziwiri. Mawu a ntchito imodzi sachuluka monga mmene amaopsera poyamba, amangobwerezedwa omwewo. Lembani lililonse latsopano kumapeto kwa kope, tanthauzo lake m'Chichewa pambali.

Ndiyankhuleko za nyumba, pakuti kosi ya munthu wamkulu imakhozedwa kapena kulephereka kukhitchini ndi kuchipinda. Mwana wa sukulu belu limamuteteza. Inu mulibe belu. Kuli maliro, kuli chinkhoswe, kuli wodwala kuchipatala wofunika kumudikirira, kuli ganyu yobwera mwadzidzidzi imene simungaikane. Zimenezi sizidzatha, ndipo sindikukuuzani kuti muleke kupita kumaliro. Munthu wosayenda maliro adzaikidwa ndi ndani? Chimene ndikunena n'chakuti musankhe ola limene dziko silikufunani, kwa ambiri ndi m'mamawa tambala atangolira kachiwiri, ndipo muuze a m'nyumba mwanu kuti ola limeneli ndi la sukulu. Mukajomba mlungu chifukwa cha zovuta, musadziweruze kuti zatha. Tsegulani pamene munasiyira. Ambiri sasiya chifukwa phunziro lavuta, amasiya chifukwa anadumpha masiku asanu n'kuchita manyazi kubwerera.

Inu azibambo, mawu awa ndi anu makamaka. Mkazi akamaphunzira amayamba tsiku atatunga madzi, kuphika, kusambitsa ana, ndipo amafika pa foni maso akulemera. Ndaonapo mayi wina, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, amene anasiya kosi yake itatsala miyezi iwiri chifukwa mwamuna wake sankagona akamuona ali pa foni usiku, ankaganiza kuti akucheza ndi chibwenzi. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe. Ngati mtima ukukayika, khalani naye pamphasa muone zimene akuwerenga. Mukatero nyamulani mwana akulirayo mupite naye panja, mayi ake amalize phunziro. Ine ndikanapanda mayi a kunyumba kwanga, amene ankasunga palafini wa koloboyi ngakhale ndiwo zitavuta, ndi kugoneka mwana msanga kuti ndiwerenge, sindikanakhoza mayeso aja. Ngongole imeneyo ndinaibweza pang'ono pamene iwo anadzayamba kuphunzira utelala, ine n'kumaphika Loweruka. Ntchito ikasowa m'nyumba, simudziwa kuti luso la ndani lidzakudyetsani.

Za bandulo ndi magetsi sinditaya nthawi, mukuzidziwa kuposa ine. Tsitsirani maphunziro mu foni pamene netiweki ili bwino kapena pa bandulo ya usiku, muzionera popanda intaneti. Chepetsani ubwino wa chithunzi cha vidiyo kuti bandulo isathe msanga, mawu ndiwo ofunika. Mukakhala atatu, mmodzi atsitse n'kugawira anzake. Ndalama ya bandulo ya sukulu ikhale payokha ngati ya mbewu, ndipo musatsegule Facebook kapena TikTok nayo, chifukwa idzatha musanafike pa phunziro. Foni itchajidwe masana, magetsi akadalipo.

Satifiketi ndiyo nyambo imene akamberembere amakolera anthu osowa ntchito. Mudzaona uthenga wolonjeza dipuloma ya kunja m'milungu itatu, kapena ntchito ya pa intaneti yolipira madola mukangotumiza kaye ndalama yolembetsera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amulembe. Ngati mukufuna pepala loti boma kapena kampani ilivomereze, fufuzani ku bungwe la NCHE, limene limayang'anira maphunziro a ukachenjede, ngati sukuluyo ndi kosiyo n'zovomerezeka. Za ntchito zamanja funsani ku TEVETA. Mayunivesite athu monga Mzuni ndi LUANAR ali ndi maphunziro a patali, ndipo ubwino wake ndi wakuti amakuitanani nthawi ndi nthawi kudzakumana ndi aphunzitsi maso ndi maso, ndiponso mayeso amalembedwa pamaso pa munthu. Kosi yolipira m'madola muiwerengere kawiri: mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankalipira pang'onopang'ono anadzuka fizi itakwera ndi pafupifupi theka. Kumbukiraninso kuti ntchito zimasiyana. Unamwino, uphunzitsi, kuwerengera ndalama za kampani, zimenezo popanda pepala lovomerezeka simulowa, kaya kuno kaya ku Britain kumene ena mwa inu mukulakalaka kupita. Koma mwini golosale, mwini galimoto yofa, mayi wofuna sola padenga, safunsa satifiketi. Amafunsa kuti unamuchitirapo ndani, ndipo zinayenda bwanji. Kwa otere, zithunzi za ntchito zanu zitatu ndi nambala ya kasitomala wokhutira zimalankhula mokweza kuposa pepala la malire agolide.

Mwana wa mlongo wanga anafufuta makosi 7 aja, ngakhale ya Chifalansa inamuvuta kuisiya. Anapeza mnzake amene anachotsedwa naye limodzi, ndipo ankakumana Lachiwiri ndi Lachisanu kwa mphunzitsi wina wa sekondale amene anawabwereka laputopu yakale. Mlungu wachitatu anapita kwa mwini sitolo ya simenti ndi malata pafupi ndi kwawo, n'kupempha kuti amulembere katundu mwezi umodzi kwaulere. Kaundula woyamba analakwitsa: anasokoneza mtengo wogulira ndi wogulitsira, moti phindu linaoneka lalikulu kuposa katundu yense wa m'sitolomo. Mwini sitolo ndi amene anaona, ndipo anamuuza mosabisa mawu. Anabwerera ku phunziro lija, anakonza, ndipo mwezi wachiwiri anayamba kulandira kangachepe. Pano akusunga mabuku a masitolo awiri ndi chigayo chimodzi. Ndalama sizinafike pa malipiro ake akale, mwana wamkulu anamusamutsira ku sukulu yotsika mtengo, ndipo makalata ofunsira ntchito akutumizabe. Loweruka likubwerali ndamuuza abwere ndi kope lake lija pamodzi ndi ana. Ndikufuna andifotokozere m'Chichewa, foni ili chafufumimba patebulo, mmene amapezera phindu la thumba limodzi la simenti akachotsa ndalama ya lole ndi ya anyamata otsitsa.